Majezi a ku Malibeki

Bambo anga a Nasoni Makwinja sanakwerepo ndege. Ngakhale ku Lilongwe m'tauni, komwe minibasi za pa Nsaru zimapita m'mawa n'kubwera masana, anapitako kowerengeka, ndipo konseko anali maulendo a kuchipatala. Koma muwafunse za Malibeki, katauni kena ka ku Mangalande kamene eni ake amalemba kuti Marlbeck, mudzachita kuwapempha kuti apumeko. Adzakuuzani za mlatho wamiyala umene madzi anaukokolola, za mafakitale oluka nsalu zaubweya amene anatsekedwa anthu n'kusowa mtengo wogwira, za meya wina wonenepa amene anagwera mumtsinje potsegulira mpikisano wa mabwato. Magoloboyi a timu ya kumeneko adzawatchula motsatana ngati akutchula amalume awo. Ine ndine Anastazia, mwana wawo yekhayo amene anatsala nawo, ndipo ndinakula ndikuidziwa Malibeki kuposa ku Phalombe kumene amati ndi kwathu.

Ku Phalombeko anachokako ine ndili kumsana. Munda kunalibe, choncho anakwera lole ya matenanti imene inawatula pa esiteti ya fodya ya a Goliati, kuseri kwa Nsaru. Matenanti ambiri sakhalitsa. Fodya akapita ku okushoni, amamanga mitolo yawo kukayesa esiteti ina. Ife tinakhala mpaka amayi anamwalira n'kuikidwa kumapeto kwa esiteti, pansi pa bulugamu, pamene amaikapo obwera. Kuyambira pamenepo bambo anati sasuntha. A Goliati anawasiyira kanyumba ndi kamunda, ndipo iwo atamwalira, mwana wawo a Frazer sanatithamangitse, koma sanatilolenso kuiwala kuti nthaka tikupondayo ndi ya ndani. Ine ndabereka ana pano, ndagulitsa tomato pa Nsaru mpaka imvi zayamba, koma pamaliro akamagawa ntchito amatibe, "a kummwera aja akatunge madzi."

Bwalo la mpira analima ndi bambo. Izi aliyense wamkulu pano akuzidziwa, kungoti kuzinena kumamuwawa pakamwa. Panali thengo la zitsa ndi chulu chachikulu pakati, pamalo pamene ngakhale fodya ankakana. Lamulungu masana, anzawo akupita kokamwa, iwo ankazula zitsa ndi matenanti anzawo angapo mpaka panakhala see. Ankasewera ndi mpira wachikulunga, osavala nsapato. Tsiku lina anaima pambali mphunzitsi wachizungu wa kusekondale, a Hollis, n'kuonerera mpaka kumapeto. Kwawo kunali ku Malibeki. Atabwerera kwawo anatumiza katoni ya majezi akale a timu ya kumeneko, obiriwira a mizere yoyera, pamodzi ndi nsapato za mpira. Chaka chotsatira inabweranso ina. A Hollis anamwalira, koma ochemerera timu ya kwawoko anapitiriza, ndipo timu yathu inangotchedwa Malibeki ya ku Nsaru. Makatoni atayamba kubwera m'pamene panabadwa komiti, ndipo wapampando wake, mosachita kuvota, anali a Frazer. Bambo anapatsidwa udindo wosunga katundu.

Kusunga ankasungadi, mpaka kunyansa nako. Mpira ukatha, wosewera aliyense ankavula jezi pomwepo, thukuta lili chuchuchu, n'kuipereka m'manja mwawo. Ankachapa okha, kuyanika pamthunzi kuti zisasuluke, kusoka pong'ambika ndi ulusi wobiriwira. Nsapato ankazipaka mafuta a ng'ombe. Zonse zinkalowa m'mathiranki awiri achitsulo, ndipo makiyi ankakhala pachingwe m'khosi mwawo ngati kolona. Matimu ena alandirapo mayunifolomu kwa andale nthawi ya kampeni, sabata yomweyo n'kumawaona ku dimba. Kwa bambo, ngakhale jezi ya katoni yoyamba ija inalipo, yotuwa koma yathunthu.

Koma chimene chinawagwira mtima kwenikweni si majezi. Nsapato zija zinkabwera zitakulungidwa m'nyuzipepala ya ku Malibeki, imene imatuluka kamodzi pa sabata. Wina aliyense akanapichirira chingambwe kapena kundipatsa ine ndikulungire tomato. Bambo ankaiwongola tsamba ndi tsamba pansi pa mphasa, kenako n'kumaiwerenga ndi Chingerezi chawo cha pulayimale ya kale, chala chikuyenda pansi pa mawu. Nkhani zake zinkakhala za miyezi yapitayo, koma iwo ankazilandira ngati zachitika dzulo. Timu ya kumeneko itatsika ligi anakana chakudya, chonsecho anthu a kumeneko anali ataiwala kale n'kuyamba sizoni ina.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa mmene nyuziyo imayendera. "Tsamba loyamba, Ana, ndi la zinthu zitatu: madzi osefukira, moto, ndi akuba. Pakati pali maukwati, maliro ndi mbiri yakale. Anthu abwino ali kumbuyo." Kumbuyoko n'kumene kunali mpira, ndipo nyuzi iliyonse ankayambira komweko. Pa tsamba la mbiri yakale m'pamene anapeza kuti timu ya Malibeki anaiyambitsa anthu obwera, amene anasiya kwawo kudzaluka nsalu m'mafakitale a eni, ndipo bwalo lawo analikonza okha pamalo otayira phulusa. Tsiku limenelo anayenda nalo tsambalo m'zigafa zonse. "Mwaona? Nawonso anali matenanti!"

Masamba akumbuyo ankawamata pakhoma la pabalaza ndi phala la ufa wachinangwa. Nyumba yathu inadzaza ndi azungu amatope m'maondo, ena atanyamula chikho, ena akulira. Koma pamwamba pa mpando wawo anasiya malo, pakhoma poyera pokwana tsamba limodzi. Ndikafuna kupachikapo kalendala ankandikaniza. Sankanena kuti ndi pa chiyani, ndipo sindinkafunsa, chifukwa ndinkadziwa. Munthu amene dzina lake silinalembedwepo paliponse kupatula m'kaundula wa matenanti ankadikira kuti tsiku lina lidzatuluke kumbuyo kwa nyuzi ya ku Malibeki. Zinkandikwiyitsa, chifukwa ndinkaona kuti n'zosatheka, komanso zinkandimvetsa chisoni.

Chaka chatha, fodya atangotha kusankhidwa, uthenga unafika pa foni ya a Frazer wakuti kukubwera mtolankhani wa nyuzi ija, mayi wina dzina lake Linda, kudzalemba za ubale wa matimu awiriwa. Bambo maso anali atayamba kale kuchita ng'ala, koma sabata imeneyo anayenda ngati mnyamata. Anatulutsa majezi onse, kuwachapanso ngakhale anali oyera, kuwasita ndi simbi yamakala n'kuwasanja chaka ndi chaka. Ine ndinazira nyumba mpaka msana kuwawa. Anakonza zoti timu idzalowe m'bwalo wosewera aliyense atavala jezi ya chaka chake, kuti mlendo aone ndi maso kuti palibe ngakhale sokosi imene inatayika.

Komiti inakumana pakhonde la a Frazer. Ine ndinapita kukawaperekeza bambo chifukwa cha maso, ndipo ndinakhala pansi cha kumbali. Bambo atafotokoza maganizo awo, a Frazer anaseka mpaka kupukuta misozi.

"A Makwinja, inu mwakula koma azungu simukuwadziwa. Mzungu akabwera kuno n'kupeza anyamata akuwala ngati a pa TV, abwerera akati kumeneko zinthu zili bwino. Basi, mpopi watsekeka."

"Koma bwana, iwowo anatumiza kuti tizivala."

"Tizivala, ee, koma osati pamaso pawo. Kodi simunaone pamene anabwera a mijigo aja? Tinawatengera kuchitsime cha kudambo, osati pampopi wa kusukulu. Lero mijigo ilipo ingati? Mlendo umamuonetsa bala, osati chipsera. Ife tikufuna mpanda wa njerwa pabwalo paja, tikufuna magolo achitsulo, mwinanso kaminibasi. Anyamata adzasewera opanda nsapato, ena zifuwa pamtunda, mpira wachikulunga. Mathiranki mutseke. Kupempha si kuba."

A komiti ena onse anavomera ndi mitu. Si kuti anali anthu oipa kuposa ena. Ndi mmene timachitira kuno kukabwera galimoto yoyera: wailesi imabisidwa, mbuzi zimapita kuseri, ana amavekedwa sanza. Ngakhale ine ndinabisapo njinga. Palibe amene amakutcha kunama, timati kudziwa kulandira alendo.

"Nanga akafunsa za majezi?" anatero bambo.

"Mudzati zinatha. Mawu amodzi basi. Zinthu zimatha, eti?" A Frazer anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anawonjezera mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiwawa. "Madala, takhala nanu bwino zaka zonsezi. Malemu bambo anakusiyirani malo, mayi aja anagona pamalo pathu. Tisayambane chifukwa cha malaya."

Pobwerera ndinawakalipira njira yonse. Ndinati akane, ndinati atsegule mathirankiwo patsikulo zione zokha. Iwo anangoti, "Ndikakana ndipita kuti, Ana? Amayi ako ndiwanyamula pamutu?" Kenako anadzitonthoza okha, monga mwa chizolowezi chawo. Anati mpira ukatha adzamuitanira mlendo kunyumba mwakachetechete, adzaone khoma, adzaone mathiranki, ndipo adzamvetsa. Anthu a ku Malibeki, iwo anati, ndi anthu omva zinthu.

Linda anafika Loweruka m'mawa pa galimoto yahayala. Anali mayi wamkulu ndithu, wa tsitsi lotuwa lodulidwa, atavala mpango wobiriwira wa mizere yoyera pakutentha ponse paja. Anamulandira ndi nyimbo, anamukhazika pampando wa ndalema, ndipo zolankhula zinayamba. Analankhula a Frazer, analankhula a komiti, analankhula ahedi. Mbiri ya bwalo inafotokozedwa bwino lomwe: akuti malemu a Goliati, pokonda achinyamata, anapereka malo. Za zitsa ndi chulu sizinamveke. Bambo anali pa benchi ya kumbuyo, atavala jekete lawo la kutchalitchi, akumwetulira aliyense.

Kenako anyamata analowa m'bwalo. Ndikanakhala wosawadziwa ndikanalira nawo. Anasankha sanza zenizeni, makabudula obooka kumbuyo, ndipo ena anachita kudzipaka fumbi. Anthu ozolowera nsapato anayamba kudumphadumpha ndi minga ngati nkhuku pamoto. Owonerera ankadziwa sewero lonse ndipo ankabisa kuseka m'zitenje. Ine ndinali ndi beseni la zakumwa pafupi ndi mlendo, ndipo ndinkamuyang'ana nkhope. A Frazer ankadikira misozi. Koma mayiyo sanalire. Anajambula pang'ono, n'kutsitsa kamera, nkhope ikuuma.

Pa hafu taimu anatulutsa foni n'kuonetsa a Frazer chithunzi. Ndinasuzumira. Anali agogo achizungu atazungulira tebulo, akulongedza majezi ndi nsapato m'katoni. Ahedi ndiwo ankamasulira, ndipo mawu awo anayamba kuchepa. Mayiyo anati katoni imeneyo inanyamuka miyezi yochepa yapitayo, ndipo a Frazer anayankha okha pa foni kuti yafika. Anati agogo amenewa amagulitsa makeke pakhomo la bwalo m'nyengo yozizira kuti alipire positi, ndipo mmodzi wa iwo anapereka nsapato za mwana wake amene anamwalira. Anafunsa kuti katunduyo ali kuti.

Apa m'pamene ndinaona mmene munthu amasinthira ngati bilimankhwe. A Frazer sanachite chibwibwi n'komwe. "Za katundu ife a komiti sitikhudzako," anatero. "Alipo amene amasunga, chiyambire. A Makwinja! Tabwerani kuno, madala."

Bambo anadzuka, kukonza jekete, n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu. Nthawi imene anaidikira moyo wawo wonse inali imeneyi. Anamugwira mlendo dzanja ndi manja awiri, ndipo m'Chingerezi chawo chija anamufunsa ngati mlatho wamiyala anaukonza. Mayiyo anadabwa, anamwetulira pang'ono, n'kuyankha kuti anaukonza. Kenako anafunsa dzina lawo, ndipo analilemba mosamala m'kabuku, akuwafunsa chilembo chilichonse. Anawajambula ataima chilili, makiyi akulendewera pachifuwa. Atatha anafunsa funso lake lija.

Bambo anatembenukira kumene kunali a Frazer. Sindikudziwa ngati ankawaona bwino, koma sankafunika kuwaona. Ine ndinatula beseni pansi, pakamwa nditatsegula kale, koma dzanja lawo linandipeza pamkono n'kundifinya mpaka kuwawa.

"Zinatha," anatero.

Ahedi anamasulira. Mayiyo anafunsa ngati akunena za chaka chino chomwe. Bambo anati ee. Anafunsa za chaka chatha, ndi za zaka zonse zam'mbuyo. Bambo anati zinatha. Anafunsa kuti makiyi ali m'khosiwo ndi a chiyani. Pamenepo bambo anangoyang'ana pansi, ndipo bwalo lonse linali zii, kupatula anyamata a sanza aja amene ankazula minga kumapazi.

Hafu yachiwiri mlendo sanaionere. Anakana chakudya chimene azimayi a m'mudzi anaphika kuyambira m'mamawa, anati mutu ukumupweteka. Bambo anayesa kumulondola kugalimoto kuti amuitanire kunyumba, koma a komiti anali atamuzungulira ndi pepala la mpanda ndi minibasi, ndipo munthu wosaona bwino sangapyole khamu lotero. Chimene anakwanitsa n'kufuula kuti, "Mudzatitumizire nyuziyo!" Mayiyo anawayang'ana pawindo nati adzatumiza. Kunyumba bambo anakhala pampando wawo atavalabe jekete mpaka dzuwa kulowa, akuti mwina galimoto ibwerera.

M'mawa mwake kunabwera ngolo ya a Frazer. Anati komiti yagwirizana kuti katundu azisungidwa kunyumba kwa wapampando, kuopa kuti mlendo angatumize munthu mwadzidzidzi n'kupeza kuti tinamunamiza. Ine ndinali kumsika, ndipo mpaka lero ndimadzitukwana kuti ndinapitiranji. Ndikanajambula mathirankiwo ali otsegula, ndikanakhala ndi choonetsa. Ndinapeza pakona pali mabanga awiri oyera pansi, ndipo bambo akusisita m'khosi pamene pankakhala chingwe.

Nkhani inatuluka patapita masabata angapo, ndipo pa Nsaru inafika pa foni tsiku lomwelo. Anandionetsa ndi mayi wogulitsa anyezi pafupi nane, akunamizira chisoni. Ndinawerenga mpaka pamene Chingerezi changa chinandifikitsa, ndipo panali pokwanira. Ochemerera a ku Malibeki anaganiza zosiya kutumiza. Wapampando, bambo Frazer, anauza nyuziyo kuti komiti ndi yokhumudwa kwambiri, kuti inakhulupirira munthu wobwera kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano yamuchotsa pa udindo.

Ndinasiya tomato pomwepo n'kupita kwa a Frazer. Ndinawapeza akuwerengetsa matumba a mtedza, ndipo sindinagwade.

"Mwawapha bambo anga, mukudziwa?"

"Mayi, tsitsani mawu. Ndani wawapha? Nyuzi ya kutali ngati imeneyo akuwerenga ndani kuno?"

"Akuwerenga bambo anga! Tulutsani mathiranki, tijambule, titumize."

"Kuti anene kuti komiti yonse ndi yabodza? Kuti mudzi wonse uchite manyazi? Mutu umodzi ukapsa si kuti tonse tilowe m'moto. Iwowo ndi achikulire, zawo zinatha kale. Ndipo anayankha okha, ndi pakamwa pawo, anthu onse akumva." Anabwerera ku matumba awo. "Mwakhala bwino pamalo paja. Musaiwale."

Ndinayesa kulemba uthenga ku nyuziyo pa foni ya mwana wanga wamkulu. Anayankha mwaulemu kuti ngati ndili ndi umboni nditumize. Umboni unali utayamba kale kuyenda pamsewu. Poti makatoni sadzabweranso, a komiti anaona kuti palibe chosungira, ndipo anagawana. Lero mukaima pa siteji ya Nsaru muona wakabaza atavala jezi yobiriwira ya mizere yoyera, wowotcha chimanga wavala ina, ndipo ina ndinaiona itavekedwa chowopsezera mbalame m'dimba la mlamu wa a Frazer, ulusi wa bambo ukuonekera paphewa. Bodza lija linasanduka zoona popanda wina kuvutika. Ndipo poti anthu athu sasowa dzina lopatsa munthu, bambo anayamba kutchedwa a Zinatha. Amene ankatero ndi omwe aja ankabisa kuseka m'zitenje, odziwa bwinobwino kuti sanabe kanthu.

Bambo sindinawauze. Kumsika anali atasiya kupita chifukwa cha maso, kubwalo sankaitanidwanso, ndipo ndinaopseza ana anga kuti wotsegula pakamwa ndimuthyola. Iwo ankadziwa kuti zinthu sizinayende bwino, koma chiyembekezo chawo chinali chouma mutu ngati nsabwe. Ankati mayi uja anafunsa dzina chilembo ndi chilembo, ndipo munthu sachita zimenezo pachabe. Ankati anamwetulira pa nkhani ya mlatho. Mwina adzalemba kuti majezi anatha, inde, koma adzalembanso kuti ku Nsaru kuli mkulu wina amene amaidziwa Malibeki. Tsiku lililonse ndikabwera kumsika funso linali limodzi: kodi ku positi kulibe kanthu? Amati walira mvula walira matope, koma sindinaone munthu wolirira mvula mokhulupirika chotero.

Envulopu inafika mvula yoyamba itagwa. Inadzera kusukulu, ndipo ahedi, m'malo mondipatsa ine mwakachetechete, anatuma uthenga kunyumba kuti a Makwinja kalata yawo yafika. Ndinakaitenga ine, ndipo pamene ndinkabwera nayo masana, ndinali nditaganiza kale zoiponya m'chimbudzi n'kunena kuti inali ya tchalitchi. Koma ndinawapeza atakhala pampando wawo, atavala jekete, ndipo pambali pawo panali kachitini ka phala la chinangwa, lofunda, ndi kanthenga komatira. Anali atapukuta kale fumbi pamalo oyera paja.

"Bwera nayo," anatero.

Zaka zonsezi nyuzi ya ku Malibeki inkafika yokwinyika, yonunkha nsapato, masamba ena palibe. Iyi inafika yathunthu, yosalala, yopindidwa kamodzi kokha, ngati yositidwa. Anaitulutsa okha, anainunkhiza, ndipo monga mwa nthawi zonse anaitembenuza kuyambira kumbuyo. Anaiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, akuyendetsa chala pa zithunzi.

"Awa ndi azungu okhaokha. Tandiyang'anira iwe, Ana. Ndili pati?"

"Palibe apa, bambo."

"Tsegula m'kati mwake. Nthawi zina mpira umayambira tsamba lam'kati."

Ndinatsegula. Munali zigoli za ana asukulu ndi mpikisano wa njinga.

"Mwina anaika pa mbiri yakale," anatero, mawu akutsika. "Zaka zimenezi ndi mbiri ndithu."

Ndinapita pa mbiri yakale. Panali chithunzi cha fakitale ndi anthu ovala zipewa. Ndinapitirira maukwati, ndinapitirira maliro, ndikutembenuza pang'onopang'ono ngati kuti masamba angachuluke. Iwo ankamva kulira kwa pepala ndipo ankadziwa pamene ndafika, pakuti nyuzi imeneyo ankaidziwa kuposa ine. Masamba atatha ndinaitseka n'kuisiya pamiyendo panga. Chithunzi chawo chinali chachikulu kuposa cha wosewera aliyense pakhoma lathu: jekete la kutchalitchi, makiyi pachifuwa, ndipo kumbuyo kwawo anyamata a sanza. Pansi pake panali dzina lawo lonse, losalakwika ngakhale chilembo chimodzi.

"Ndilimo?" anafunsa.

"Mulimo."

"Tsamba liti?"

Ndikanatha kunama. Koma mkwiyo unali utandikwana, mkwiyo wa a Frazer, wa mayi uja, wa Nsaru yense, ndi wa iwo omwe chifukwa chokonda anthu amene sanawaonepo. Ndinati, "Loyamba."

Kunja ana ankathamangitsa ngumbi.

"Ku Malibeki sikunasefukire madzi sabata imeneyo?"

"Ayi."

"Moto?"

"Ayi, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva masamu n'kuvomereza kuti ndi olondola. Sanandipemphe kuti ndiwawerengere. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa nyuziyo, ndipo anaipinda bwinobwino motsata mzere wake n'kuibwezera mu envulopu, poti iwo nyuzi ya ku Malibeki sanaikwinyepo. Kenako anavula jekete n'kulipachika pamsomali.

"Agogo aja a makeke," anatero, "awerenga onse, eti?"

Ndinatenga kachitini ka phala kaja n'kukatayira nkhuku kuseri.